Nkhoswe pa Mpando Wautali

Lolemba

Tadala wandiimbira ndili m'basi pochokera kuntchito. Akuti Loweruka likubwerali, 1 koloko masana, ndikadye naye limodzi ndi chibwenzi chake Ewan ndi makolo ake a Ewan, kumalo odyera a Ajapani ku Shawlands. Ndamuuza abwereze. Wabwereza: ndi makolo ake.

Yakwana nthawi!

Ndilembe bwino kuti ndizikumbukira kuti ndine yani pankhaniyi, chifukwa dziko lino limaiwalitsa. Tadala ndi mwana wa mlongo wanga Enelesi, yemwe ali kumudzi ku Dowa. Bambo ake anamwalira kalekale. Kuno ku Glasgow wachibale wake ndine ndekha, ndipo ndine malume. Tsono mtsikana akaitana malume ake kuti akakumane ndi makolo a mnyamata, nkhani yake ingakhale iti? Ya mpira? Umenewo ndi unkhoswe. Mwanayo wangochita manyazi kutchula, monga amachitira mwana woleredwa bwino.

Ewan ndinamuonapo kawiri. Mphunzitsi wa masamu, wamtali, amapereka moni dzanja lina lili m'thumba. Koma atadya kwanga anatsuka mbale osauzidwa. Tiona.

Zaka khumi ndi chimodzi ndili m'dziko muno ndikusambitsa okalamba a eni ake, kuwadyetsa phala ndi supuni, kumaitanidwa ndi dzina loyamba ndi ana oti ndikanawabereka. Loweruka ndikhala mwini mbumba. Ntchitoyi ndimaidziwa. Banja la Enelesi ndinaligwira ine zaka khumi ndi zinayi, silinathe mpaka alamu anga analowa m'manda. Osati mabanja a kuno, oti anthu akangokangana za wotulutsa zinyalala, wina wanyamula kale sutikesi. Tadala akhala ndi nkhoswe, ndipo nkhosweyo ndi ine.

Zofunika:

Suti yakuda, kochapitsa.
Mawu oyankhula, alembedwe bwino.
A Mbewe, mkulu wa mpingo wathu ku Springburn, akhale nkhoswe yaing'ono. Mutu umodzi susenza denga.
Kudziwa dzina la nkhoswe ya kuchimuna.
Chachikulu: osayankha tsiku lomwelo. Ndikamva pempho lawo ndidzangoti tamva, mubwerenso. Mbeta silola tsiku limodzi.

Za chakudyacho sindikuda nkhawa. Munthu wokulira pa mbewa ndi ngumbi sangaope mphika wa Mjapani.

Lachiwiri

Ndaweruka 2 koloko, ndapita kukaona malowo. Nkhoswe yanzeru imayamba yaona bwalo.

Bwalo lake ndi limeneli? Kanyumba kopanikizika pakati pa malo ometera ndi sitolo ya kaunjika. Timatebulo tinayi ta anthu awiriawiri. Kwinako ndi thabwa limodzi lalitali ndi mipando ya miyendo italiitali, anthu akhala pamzere, onse ayang'ana wophika ndi mapoto ake. Palibe akuyang'ana mnzake.

Mayi woperekera zakudya watsegula buku. Inde, Loweruka, Tadala, anthu asanu. Pathabwapo.

Asanu? Ndawerenga ndi zala: Tadala, Ewan, bambo, mayi, ine. A Mbewe palibe. Nkhoswe yawo palibe. Mwanayo waiwala, ntchito ya unamwino imatopetsa. Ndapempha mipando isanu ndi iwiri. Akuti Loweruka ndi kodzaza kale. Ndafotokoza mwaulemu kuti ndi nkhani ya banja, mbali ziwiri ziyenera kuyang'anizana, kodi kuseri kulibe chipinda? Akuti kuseri kuli chimbudzi ndi firiji. Wawonjeza, akumwetulira, kuti gulu lililonse limapatsidwa ola limodzi ndi mphindi khumi ndi zisanu.

Ola limodzi! Kwathu amenewo ndi malonje okha.

Ndadya kuti ndisatuluke ngati kazitape. Chotchedwa ramen: mbale yakuya, msuzi wotentha, zingwe za ufa wa tirigu zosaoneka mapeto ake, kachidutswa ka nkhumba, dzira lodulidwa pakati lomwe wophika analichotsa pamoto lisanapse. Foloko palibe, pali timitengo tiwiri. Pambali andiikira nyemba zobiriwira zili m'makoko. Ndatafuna ndi makoko omwe. Ndameza zinayi mwaulemu, kenako ndaona wokhala pambali panga akufinya ndi mano, makoko n'kutaya m'kambale. Anandiona kuyambira yoyamba, koma sananene kanthu. Anthu a kuno akhoza kukuonerera ukumira, iwo akukumwetulira.

Kukoma kokha, msuziwo ukukoma. Zimenezo zandikwiyitsa kwambiri.

Miyendo yanga sikufika pansi pampando uja.

Lachitatu

Ndaimbira Tadala nthawi yake yopuma kuchipatala. Ndafunsa dzina la malume ake a Ewan. Waseka. Akuti alipo mmodzi, a Dougie, koma sayankhulana ndi mayi ake a Ewan chichitikireni maliro a agogo ake a Ewan. Anakanganirana galu wa malemuwo. Galu anapita ndi a Dougie.

Ndafunsa kuti nanga adzamuyankhulire ndani mnyamatayo. Wati: "Malume, Ewan ali ndi zaka 33. Amayankhula yekha."

Tiyeni tione pamene tafika:

Nkhoswe ya kuchimuna, palibe.
Bambo abwera okha kudzakamba za ukwati wa mwana wawo, maso ali gwa.
Mnyamata adzakhala pomwepo, akutafuna.
Mtsikana nayenso pomwepo, m'malo mokhala kuseri kudikira kuitanidwa.

Nanga banjali likadzavuta adzathamangira kwa yani? Kwa a Dougie ndi galu wawo?

Ndamuuza Tadala asadandaule, malume ake akonza zonse. Wati: "Palibe zokonza, malume. It's just lunch." Wadula, akuti wodwala akuitana. Zaka zisanu zokha ku Glasgow, koma akafuna kundikana amathawira kale m'Chingerezi.

Madzulo ndayamba kulemba mawu. Masamba atatu ndi theka. Mbiri ya mudzi, mayina a agogo, mmene Tadala anakhozera mayeso akuwerengera pa koloboyi. Pa ndime ya malemu mayi athu ndagwetsa msozi. Ndime yabwino zedi.

Lachinayi

A Mbewe andithawa.

Dzulo anavomera ndi mtima wonse, mpaka kufunsa mtundu wa taye. Lero ndalakwitsa, ndawatumizira chithunzi cha mndandanda wa zakudya. Sipanathe mphindi zisanu, foni. Nsomba ija ndi yophika? Ndati ina ayi. Akuti iwo anabadwira ku Nkhotakota, nsomba amaidziwa kuposa ine, ndipo nsomba yosaona moto ndi ya mphaka. Ndati kuli msuzi wa nkhumba. Akuti adokotala anawaletsa. Ndati sitikupitira kudya. Akuti nanga akakhala pati, poti ndanena ndekha kuti mipando ndi isanu? Ndati akhoza kuimirira kumbuyo kwanga. Akuti mkulu wa mpingo saima kumbuyo kwa munthu ngati mlonda wa nduna. Atsiriza ndi kunena kuti atikumbukira m'mapemphero.

Mapemphero ndili nawo anga, a Mbewe. Ine ndimafuna munthu woti azivomereza ndikamayankhula.

Nthawi yopuma ndayeserera timitengo tija ndi mabolopeni awiri ndi mtedza. Zotsatira: njere imodzi m'kamwa, zisanu ndi ziwiri pansi, imodzi m'kapu ya tiyi ya bwana wathu. Sindinawauze. Zala izi zimatha kutonola chimanga, kumanga bandeji, kumeta ndevu nkhalamba yonjenjemera osaicheka. Timitengo tokha zakana.

Chabwino. Nkhoswe imodzi, pamzere, popanda mnzake wa kuchimuna. Zitheka ndithu. Chofunika ndi mawu.

Ndaimbira Enelesi kawiri kuti andipatse uthenga wa kumudzi. Sakuyankha. Netiweki ya ku Dowa ndi yomvetsa chisoni.

Lachisanu

Ndawerenga mawu anga mokweza, wotchi ili patebulo. Mphindi makumi awiri ndi zisanu m'Chichewa chokha, kumasulira kusanalowe. Ndadula mbiri ya mudzi. Ndadula agogo. Ndadula koloboyi. Pomaliza ndadula ndime ya mayi. Kwatsala tsamba limodzi, louma ngati kalata ya kukhonsolo.

Ndaganizanso. Anthu opanda nkhoswe sangadziwe zobwera kachiwiri ndi kachitatu mpaka tsiku losinthana nkhuku. Ndiye nkhuku ya mbali yathu ndingopita nayo mawa lomwelo, aone kuti ife ndi anthu a mwambo. Akuchikazi timapereka yathadzi, akuchimuna tambala. Kukana ndikana ndithu, koma nkhuku ndiwapatsa. Zikusemphana, ndikudziwa. Ku Glasgow zinthu zimasemphana.

Yamoyo ndiipeza kuti? Ndazungulira masitolo onse a nyama ku Govanhill, mvula ili pamsana. Wina wandiseka. Wina akuti ndipite kufamu, pa galimoto yomwe ndilibe. Ndagula ya m'firiji, yolimba ija yokhala ngati yachikuda. Ndafunsa ngati inali yaikazi. Wogulitsa wangotukula mapewa. Ndaikulunga m'chitenje chatsopano chomwe ndimasungira zinthu zazikulu. Ndi yathadzi, ndagamula ine.

Uthenga wa Tadala: "Musavale suti, chonde." Suti ndatenga kale, ikunyezimira.

Uthenga wa Enelesi, mawu atatu okha: "Mukadye bwino, achimwene." Palibe malangizo, palibe mafunso. Amandikhulupirira mlongo wanga.

Loweruka, m'mawa

Mvula. Suti, taye, nsapato zopolisha kawiri. Pepala m'thumba lakumanzere. Nkhuku m'chikwama. Mtima uli m'malo.

Loweruka, madzulo

Ndilembe mmene zayendera, mwadongosolo, ndisanayambe kudzinamiza.

Ndafika kutatsala theka la ola, ndaima panja. Iwo afika 1 koloko yeniyeni, atavala majuzi ngati akupita kukagula buledi. Bambo ake a Ewan, a Gordon, munthu wojintcha wofiira kumaso, andikumbatira ndisanatambasule dzanja, n'kunditchula dzina loyamba. Mayi ake, a Moira, andipsompsona patsaya. Pamaso pa ana!

Kakhalidwe pathabwa, kuyambira kukhoma: a Gordon, a Moira, Ewan, Tadala, ine kumapeto pafupi ndi chitseko, pomwe aliyense wolowa akundigunda ndi ambulera. Kuti ndiwaone a Gordon ndiyenera kuweramira kutsogolo mpaka taye ilowe m'kambale ka msuzi wakuda. Yalowa.

Yabwera sushi, timibulu ta mpunga wozizira, pamwamba nsomba yaiwisi yonyezimira. Tadala akutola ndi timitengo ngati anabadwa nato. Pamene akutolapo ndi pamene ndaona mphete. Ili kale pachala. A Moira asuzumira kundifunsa ngati sindikuona kuti ndi yokongola, anathandiza kusankha ndi iwo. Holo anapeza kale. Ukwati ndi mu Ogasiti. Iwo akudziwa kuyambira pa Khirisimasi.

Nsomba ija ndameza osatafuna, ngati piritsi.

Ramen itafika ndayang'ana wotchi. Kwatsala theka la ola. Ndatsika pampando, kutsika kwake kochita kudumpha. Ndatulutsa pepala. Ndayamba ndi ulemu wonse. Wophika akufuula kuitana mbale, poto akulira pamoto, anthu awiri akufuna kudutsa kumbuyo kwanga kupita kuchimbudzi. A Gordon akweza kapu, akuganiza kuti ndikufunira ana mafuno abwino. Ndadumpha mizere yonse mpaka kumapeto. Ndanena m'Chingerezi chomveka bwino kuti ife akuchikazi tamva, koma yankho silingaperekedwe lero, abwerenso.

A Gordon aseka mpaka kutsokomola. Akuti abwera Loweruka lililonse ngati ndikufuna, malowa awakonda. Ewan yekha sanaseke. Wayang'ana Tadala.

Ndaweramira chikwama kuti nditsirize mwambo. Nkhuku yasungunuka. Madzi ofiirira adutsa chitenje, adutsa chikwama, ayenda pansi pa mipando itatu mpaka pa nsapato ya a Moira.

Tadala wandigwira pamkono. Akuti tituluke pang'ono.

Taima pansi pa kadenga ka malo ometera, mvula ikudontha m'mbali. Ndikuganiza kuti andikalipira za nkhuku, ndiye ndayamba ndine. Ndamuuza kuti banja lopanda nkhoswe silikhala, kuti akuchita zachibwana, kuti la mayi ake linakhala chifukwa cha ine.

Sanakweze mawu. Ndilemba mmene wanenera.

"Ndikudziwa kuti linakhala chifukwa cha inu, malume. Ndinalipo. Mayi anathawira kwanu katatu. Kachitatu ndinali ndi zaka naini, iwo diso litatupa, dzino atalimanga pansonga ya chitenje. Munawapatsa tiyi. Munati banja ndi kupirira. Kenako munatiperekeza nokha mpaka pakhomo pa bambo. Chikwama pobwerera ndinanyamula ndine."

Ndati nthawi imeneyo zinkayenda choncho. Ndati ntchito ya nkhoswe ndi kumanga, osati kupasula. Mawu anga atuluka ang'onoang'ono.

"Eya. N'chifukwa chake nkhoswe sindikufuna. Ndakuitanani kuti mudzadye, chifukwa ndinu malume anga ndipo ndimakukondani. Ewan ndi munthu wabwino. Koma tsiku lina ndikadzagogoda pakhomo panu ndili ndi chikwama, mudzangotsegula. Musadzandiperekeze."

Walowa. Ine ndatsala ndikuonerera pagalasi munthu akumetedwa.

Tsiku limenelo ndikulikumbukira. Ndikukumbukira kuti kunali dzuwa, kuti alamu anatilandira ndi mpando, kuti pobwerera ndinali wokondwa ndi ntchito yanga. Za mwana wonyamula chikwama kumbuyo kwathu sindikukumbukira n'komwe. Zimenezo ndi zomwe zikundiwawa.

Nditabwerera mkati, mayi woperekera zakudya uja wapukuta kale pansi. Nkhuku waiika m'mapepala awiri apulasitiki, wandipatsa ndi manja awiri osandiyang'ana kumaso. Ulemu wokhawo umene ndauona lero. Msuzi wazizira, zingwe zafufuma. A Moira andiitanitsira foloko, n'kumandisisita pamkono. A Gordon akufunsa ngati nkhukuyo ndawabweretsera iwo ngati mphatso. Tadala wawauza kuti malume angogula ndiwo za kunyumba.

Ndadya zonse, ndi foloko. Nthawi itakwana, anthu ena asanu anali ataima kale pakhomo kudikira mipando yathu.

Lamulungu

Kutchalitchi a Mbewe afunsa mmene zayendera. Ndati bwino. Akuti mwaona, mapemphero amagwira ntchito.

Masana ndaimbira Enelesi. Wayankha foni itangolira kamodzi. Wafunsa ngati ndinadya. Ndati ndinadya. Ndamuuza kuti mwana wake wakana nkhoswe, ndipo ndadikira kuti adandaule nane, tidandaule limodzi za ana a masiku ano.

"Ndinamuuza ndine, achimwene."

Kumbuyo kwake ndikumva mbuzi ndi wailesi ya oyandikana naye nyumba. Ndafunsa chifukwa chake sananenepo kanthu zaka zonsezi.

"Ndinanena. Katatu."

Pepani wafika pakhosi. Ndakumbukira kuti pepani sapoletsa chilonda, ndipo ndabisala kuseri kwa mwambiwo, wamantha ine. Iye wayamba za mvula, za feteleza, za denga la khitchini lomwe likudontha. Ndavomera zonse. Potsanzika wandiuza kuti ndizivala zofunda, akumva kuti kuno kukuzizira. Palibe ukali m'mawu ake. Bola akanandilalatira.

Nkhuku ili pamoto. Chakudya sinditaya, ndidya ndekha mpaka Lachitatu.

Mawa ndilowa 7 koloko. Poweruka ndidutsira kwa wodula makiyi pamsewu waukulu, ndikadulitse wina wa pakhomo panga. Ndikamupatsa Tadala popanda mawu, popanda suti. Mwini mbumba watsala ndi ntchito yotsegula chitseko basi. Iyoyo, kunena zoona, sindinaiyesepo.